Njanji ya kwa Kosita

Nkhani iyi anandiuza ndi mayi wina dzina lake Rosalina, wogulitsa utaka wouma, tsiku limene lole ya matola imene tinakwera ku Monkey Bay inaphulika tayala titangodutsa pa Nkope. Woyendetsa anapita kukabwereka jeke, ife n'kutsala m'mbali mwa msewu, ndipo mayiyo ataona kuti ndine munthu wa makutu aatali anayamba kulankhula. Ine ndayenda, ndagona m'makonde a anthu ambiri, ndipo ndikudziwa kuti munthu wokhalira dengu lake padzuwa sachedwa kutulutsa zili kukhosi. Ndikuipereka mmene anandipatsira, kupatula matukwano ena amene ndawasiya pamsewu pomwepo.

Kumtunda kwa Chowe kuli malo amene anthu mpaka lero amangoti kwa Kosita. Inali esiteti ya fodya. Mwini wake, Mgiriki wotchedwa Kosita, anachoka kalekale, koma nyumba yake ya khonde lalitali idakalipo, pamodzi ndi mabalani a njerwa ochizira fodya, aatali ngati matchalitchi opanda mawindo. Esiteti itagwa, ogwira ntchito sanabwerere kwawo. Akanabwerera kuti? Ena anali Ayao a konko, ena Alomwe amene anabwera ndi makolo awo, ena othawa nkhondo ya ku Mozambique. Anangogawana minda ya m'mapirimo, uyu apa, uyo kutsidya kwa khwawa, nyumba zotalikirana moti tambala wa mnzako sumumva.

Chimene chinkawalumikiza anthu amenewa chinali njanji. Sindikunena yoyenda sitima ayi, koma chidutswa chake, chitsulo chofika munthu m'chifuwa, choboola kumutu. M'masiku a Kosita chinkalendewera pakhomo la balani yaikulu. Kapitawo akachimenya, umadzuka. Akachimenyanso, umaweruka. Pakati pamenepo thupi lako silinali lako.

Che Sumani ndi mkazi wawo Amida, amene anthu ankamutcha Abiti Shaibu, anakulira m'phokoso la chitsulo chimenechi. Chaka china mwana wawo woyamba anadwala malungo. Amida anali m'chigafa akusoka fodya pamene uthenga unafika woti mwana wayamba kukomoka. Kapitawo anati palibe wochoka njanji isanalire. Italira, Amida anathamanga, n'kukapeza mwana atazizira kale.

N'chifukwa chake esiteti itagwa, anthu akulimbirana malata, zitseko ndi mapaipi, Che Sumani anapita kukadula waya wa njanji ija. Anaikoka ndi anzawo mpaka pamkuyu wa pamphambano, pamsana pa phiri, pamene mawu amatsikira mbali zonse ziwiri. Lamulo lake anapereka ndi Amida.

"Inkatitsekera kuntchito tili ndi maliro," anatero. "Kuyambira lero izititulutsa m'munda maliro akagwa. China chilichonse isalilire."

Ndipo zinakhaladi choncho. Kamzikiti kawo kanalibe chimkuzamawu, tchalitchi chinali kutali, koma njanji ya pamkuyu inkaitana onse. Msilamu akamwalira, Akhristu ankabwera ndi mapiki. Mkhristu akamwalira, Asilamu ankabwera ndi makasu. Womenya anali Che Sumani, ndi chibawuti cha thalakitala chimene ankasunga pansi pa mphasa. Amenye kamodzi, adikire mawu afe, amenyenso. Aliyense wakumva, kaya ali pakati pa mzere, ankagoneka khasu.

Ndiye zaka zapitazi kunabwera mayi wina wa ku Blantyre, Mayi Cathy, amene anagula nyumba ija ndi mabalani ake. Sanali woipa mtima, Rosalina anachita kubwereza zimenezi, ngakhale anazinena atakwinya pakamwa. Ankafuna kuti malowo asungidwe, ana asukulu ndi alendo azidzaona mmene fodya ankalimidwira kale. Anakonzetsa madenga, anatolera mapulawo akale, masikelo, ngakhale mpando wa Kosita. Wofotokozera alendo anasankha a Nathaniel, mphunzitsi wopuma wa ku Rumphi, amene boma linamutumiza kuno ali mnyamata, n'kukalambira konkuno. Pa chithunzi china chakale Mayi Cathy anaona njanji ili pakhomo la balani, ndipo anaifuna.

Aphunzitsi anaitanitsa msonkhano pamkuyu pomwepo.

"Abale anga," anatero, "anyamata ogula zitsulo zakutha afika kale kwa Chowe. Akuzula mijigo, akuzula zikwangwani za pamsewu. Tsiku lina mudzadzuka pamtengo pano patatsala waya wokha. Kumtunda kuja kuli mpanda, kuli mlonda. Maliro akagwa, chipata n'chotsegula, mudzabwera kudzamenya."

"Aphunzitsi," anatero Che Sumani, "inuyo chitsulo chimenechi chinakudzutsanipo?"

"Ayi, Che Sumani, koma mbiri ya malo ano…"

"Mbiri ili kunyumba kwanga, ikutsokomola. Pitani mukaifunse ngati ikufuna njanji ibwerere kwa Kosita."

Anthu anaseka. Koma Mayi Cathy anali atalonjeza kukonzetsa mjigo, ndipo za anyamata a zitsulozo zinali zoona. Pofika pokweza manja, manja anakwera. La Che Sumani lokha linatsala pabondo.

Njanji itabwerera kwa Kosita, Loweruka loyamba kunabwera ana asukulu ochokera ku boma. Aliyense anafuna kumenyako. Kumadimba anthu anaponya makasu, azimayi anayamba kulira ali m'njira, n'kufika pachipata ali wefuwefu. Anapeza ana a yunifolomu akulimbirana kahamala, akuseka. Loweruka linalo, chimodzimodzi. Zitachitika kangapo, anthu anagwirizana okha popanda msonkhano: ikalira kwa Kosita, usaweramuke. Maliro awiri amene anagwa m'chilimwe anapeza anthu ali pakhomo, uthenga unayenda ndi miyendo, ndipo ambiri anayamba kunena kuti mwina Che Sumani ankangovuta.

Chaka chimenecho mvula yobzalira inachedwa, moti anthu anayamba kuyang'anana ndi diso loipa. Inagwa Lachisanu, yamphamvu. Loweruka kusanache, mudzi wonse unali utatuluka, amuna ndi makasu, akazi ndi mbale za mbewu, ana omwe, aliyense kumunda wake wakutali, kuthamangitsana ndi chinyontho chisanauluke. Pakhomo panatsala nkhuku.

Amida anamwalira dzuwa litangotuluka. Chifuwa chake chinali cha zaka, ndipo anapita mwakachetechete, Che Sumani akumuthirira madzi m'kapu. Amene anamutseka maso ndi Halima, mlongo wa Che Sumani, amene ankamudwazika.

"Achimwene," anatero Halima, "alamu anga atisiya. Kusambitsa ndisambitsa, sanda yowakulungira ilipo. Koma manda sindikumba ine. Kutenthaku mukukuona. Mayiwa asagone panja."

Che Sumani ankadziwa zonsezo. Msilamu saonetsedwa dzuwa lachiwiri ngati anthu alipo. Ankadziwanso nthaka ya kumanda kwawo, yamiyala, imene mvula ya tsiku limodzi imangonyowetsa khungu lake. Pamafunika amuna ambiri olandirana piki, ndipo ayambe dzuwa lisanafike pamutu. Ana awo aamuna onse anali ku Joni. Halima anali ndi foni, inde, koma kuseri kwa phiri netiweki sifika, ndipo ndani amapita ndi foni m'matope tsiku lobzala?

Anasolola chibawuti pansi pa mphasa n'kutuluka. Miyendo inawatengera yokha pamkuyu. Atafika anapeza chimene ankachidziwa kale, kawaya kadzimbiri kali lendelende. Pafupi panali khasu lakutha limene wina anataya. Analikoleka pawayapo, nalimenya. Linati ngwe, mawu a mbale yogwa m'khichini. Njiwa yokha ndiyo inauluka.

Analiponya kutchire khasulo, natukwana aphunzitsi, natukwana Kosita m'manda mwake kulikonse kumene ali, natukwana manja onse amene anakwera tsiku lija. Kenako anayamba kukwera chitunda.

Pachipata panali mlonda, Avelino, mnansi wawo wa kutsidya kwa khwawa, Mkatolika, mwana wa othawa nkhondo. Mkati munali minibasi yoyera ndi magalimoto ena.

"Achimwene, nkhope imeneyi bwanji?" anafunsa Avelino.

"Mlamu wako wapita."

Avelino anavula chipewa, nachita chizindikiro cha mtanda.

"Tsegula."

"Muli alendo, achimwene. Akuluakulu a ku Lilongwe, amene anathandiza kukonza mabalaniwa. Ndiyambe ndauza madamu…"

"Tsegula, Avelino, ndisanatsegule mutu wakowo."

Chipata chinatseguka.

Che Sumani anali asanapondemo chichokereni njanji. Anapeza kapinga wometedwa, miyala yopakidwa laimu m'mbali mwa njira, maluwa ofiira pamalo pamene kale ankaima pamzere polandira phoso. Pakhomo la balani yaikulu njanji inali lende patcheni chatsopano, chokhoma ndi loko. Anali ataipaka penti wakuda wonyezimira ngati nsapato ya bwana, ataizunguliza kachingwe, ndipo pambali pake panali kahamala komangirira kuti kasasowe. Gulu la alendo linali litazungulira aphunzitsi, amene ankaloza ndi kamtengo.

"Ndipo pano," ankatero aphunzitsi, "ndi pamene tsiku la pa esiteti linkayambira."

Che Sumani anadutsa pakati pa alendowo, mapazi ali matope, malaya atamangidwa batani limodzi. Analumpha kachingwe kaja. Anakweza chibawuti ndi manja awiri.

Ngweee!

Anadikira mawu afe. Anamenyanso. Anadikira. Anamenyanso.

Kumbuyo kwawo kunamveka m'manja.

"Eee, madala ali ndi mphamvu awa!" anatero bambo wina wa mimba yake, wovala malaya a maluwa.

"Agogo, tayang'anani kuno!" anatero mtsikana wina atakweza foni. "Bwerezaninso, sindinajambule bwino."

Mayi Cathy anatsika pakhonde akumwetulira. "Aphunzitsi, bwanji simunandiuze kuti alipo wodziwa kamenyedwe kakale? Bambo awa tiziwaitana Loweruka lililonse!"

Aphunzitsi okha sanaseke. Anali atakhala m'mudzimo zaka zambiri, kamenyedwe kameneko ankakadziwa. Kamtengo kawo kanatsika pang'onopang'ono.

"Che Sumani," anatero chapansipansi, "ndani?"

Che Sumani sanawayang'ane n'komwe. Maso awo anali kuchigwa. Kosita anamanga pamalo oti aziona antchito ake onse, ndipo kuchokera pamenepo minda inkaoneka yonse, anthu ali bii m'mizere, atawerama. Anamenyanso, mwamphamvu moti chibawuti chinawanjenjemeretsa mpaka m'mano. Kutali uko munthu mmodzi anaweramuka. Anali wa malaya ofiira, Mustapha, amene bambo ake anaikidwa m'manda okumbidwa ndi manja a Che Sumani. Anaika dzanja pachipumi, nayang'ana kumene mawu akuchokera. Ataona kuti ndi kwa Kosita, anaweramanso.

Apa m'pamene Che Sumani anatembenuka.

"Mukuwomba m'manja? Mkazi wanga wagona pamkeka, ntchentche zayamba kumuzungulira, inu mukuwomba m'manja!"

Mafoni anatsika, kupatula ya mnyamata wina wa magalasi akuda. Che Sumani anamuloza ndi chibawuti.

"Iwe, ukufuna chithunzi? Tiye kunyumba ukajambule mtembo, ukaonetse amako."

Foniyo inalowa m'thumba.

"Pepani bambo, pepani kwambiri," anatero Mayi Cathy, dzanja lili pachifuwa. "Sitinadziwe. Menyani mmene mungafunire, ndi mmene tinagwirizanirana. Palibe akuletseni."

"Ndamenya. Mwaona amene wabwera?" Analoza kuchigwa. "Taonani! Onsewo amva. Palibe wogontha mmenemo. Njanji iyi sinanamepo chiikireni pamkuyu. Inu mwaiphunzitsa kunama, Loweruka ndi Loweruka, mpaka anthu asiya kuikhulupirira. Itsitseni. Ikalira pamkuyu abwera."

"Tengani galimoto yanga, dalaivala akuzungulitseni muwauze."

"Galimoto yanu imakwera mizere? Imaoloka makwawa? Pofika munda wachitatu dzuwa likhala lapita."

"Nanga foni? Aphunzitsi, imbirani…"

"Mayi, itsitseni njanji."

Mayi Cathy anayang'ana alendo awo, nayang'ana loko. Mawu awo anatsika, koma sanafewe.

"Bambo, ndimvetseni. Anthu amene anatithandiza ndi awa ali apa. Ndinawalonjeza kuti palibe chinthu chidzatuluke mumpanda muno. Ikatuluka njanji lero, mawa wina adzati pulawo ija ndi ya agogo ake, wina chitseko. Malo ano adzatha ngati mmene anathera poyamba. Sindikusungira ine ayi. Ndikusungira inu, ndi ana anu."

"Ana anga ali ku Joni, akutsuka magalimoto a anthu. Amayi awo ali pamkeka." Che Sumani anaponda duwa limodzi, mwadala, nalipekesa ndi chidendene. "Pamene mwabzala zofiira zanuzi tinkaima pamzere ngati mbuzi, kudikira ufa wankhungu. M'chigafa umo mkazi wanga anasoka fodya mwana wake akufa. Mwasunga nyumba ya Kosita. Mwasunga khonde la Kosita. Mpando wake mwaupukuta, uli apowo, ukudikira matako ake. Chinthu chimodzi chokha chimene tinamulanda, inu mwamubwezera! Ndiye mukuti mukusungira ine?"

Bambo wa malaya a maluwa uja ankayang'ana nsapato zake. Che Sumani anagwira loko n'kuyamba kumukhoma ndi chibawuti. Loko anali watsopano, wamphamvu, ankangovina patcheni.

"Che Sumani, tiyeni tikhale pansi tikambirane," anatero aphunzitsi.

"Mtembo ukambirana nanu?"

Pamenepo Avelino anatulukira, akuchokera ku kanyumba ka mlonda. M'manja mwake munali mulu wa makiyi.

"A Avelino," anatero Mayi Cathy, "mukudziwa chimene mukuchita? Mukatsegula loko ameneyo, ntchito…"

"Ndikudziwa, madamu." Avelino ankasankha kiyi osawayang'ana. "Amayi anga anafika kuno opanda mbale ndi mmodzi yemwe. Tsiku limene anamwalira ndinali ndekha ndi mtembo, chilankhulo cha kuno ndikuchita kutola. Mdala uyu anamenya chitsulochi, pakhomo panadzaza anthu amene sindinkawadziwa maina. Yunifolomu ndidzabweza nditachapa."

Loko anati khethe. Njanji inagwa, n'kuswa simenti yatsopano ya pakhomo. Avelino analowa m'balani, nasolola mtengo umodzi wolimba mwa imene anapachikapo fodya woonetsa alendo, masamba n'kumwazika pansi. Anapisa mtengowo m'tcheni. Che Sumani anagwira kutsogolo, Avelino kumbuyo, nanyamula pamapewa. Alendo anapatuka. Panali amuna amphamvu pakati pawo, odya bwino, koma palibe anatambasula dzanja.

Njira yotsikira kumkuyu inali yoterera. Njanji inkagwedera pakati pawo, kuwagunda m'miyendo, mtengo ukudya phewa. Che Sumani anali munthu wokalamba, ndipo chidzukireni anali asanaike kanthu m'kamwa. Kumbuyo kwawo aphunzitsi ankatsatira ndi nsapato zawo zopolisha, akuterereka, akubwereza zoti nkhaniyi ikanatha bwino pokambirana. Dzuwa linali litakwera, nthunzi ikufuka m'nthaka.

Pa khwawa loyamba phazi la Che Sumani linaterereka. Anagwa chogwada, mtengo n'kuwapsinja pakhosi, njanji n'kuzika mutu m'matope. Anayesa kudzuka, bondo linakana. Aphunzitsi anafika n'kugwira mtengowo.

"Musakhudze!" anakuwa Che Sumani. "Chotsani manja anu a chokowo!"

"Mukanditukwana tikafika," anatero aphunzitsi, akulowetsa phewa. "Dzuwa likupita."

Sanadikire kufika. Che Sumani ankatsimphina pambali, chibawuti chili m'manja, akuwatukwana njira yonse.

"Nyamulani, a mbiri! Imvani kulemera kwake mbiriyo! Muli ndi phewa inu, kapena ndi pokolekera jekete? Kwanu ku Rumphi anthu akafa mumaitana ana asukulu adzaseke?"

"Achimwene, asiyeni apume," anatero Avelino ali wefuwefu, "akagwa awa tikumba manda awiri."

"Awa ndiye tikawaika m'balani, alendo azidzawaona!"

Nsapato imodzi ya aphunzitsi inatsalira m'matope, ndipo sanabwerere kukaitenga.

Anafika pamkuyu dzuwa litadutsa pamutu. Avelino anakwera, nakulunga tcheni panthambi yakale ija, pamene khungwa linali ndi chipsera cha waya. Awiri pansi anakankha, iye akukoka, mpaka njanji inalendewera, matope akudontha. Che Sumani anapukuta manja pamalaya.

Ngweee!

Mawu anatsika mbali zonse ziwiri za phiri, nabwerera. Anadikira afe. Anamenyanso. Anamenya mpaka penti wakuda uja anayamba kusupuka, chitsulo chenicheni n'kuonekera. Kenako anaima, akumvetsera. Kunali zii. Mkuyu unkangogwetsa madontho a dzulo.

Mkwiyo umene unawanyamula kuchokera m'mawa unawathera mwadzidzidzi, m'malo mwake munalowa mantha. Nanga anthu akakhala kuti aiwaliratu? Nanga akaganiza kuti ndi alendo omwe aja atsikira kuno? Anaona m'maganizo Halima ali yekha m'nyumba, akukupiza mtembo ndi chitenje. Anakweza chibawuti kuti amenyenso.

Kumunsi kwa chigwa kunamveka mfuu ya mzimayi, yaitali, yosweka. Ina inayankha kutsidya. Kenako m'tinjira tonse munayamba kutuluka anthu, makasu ali pamapewa, miyendo ili matope mpaka m'mawondo, mbale za mbewu atazisiya m'mizere kuti nkhanga zione chochita.

Woyamba kufika anali Mustapha.

"Ndani, Che Sumani?"

"Abiti Shaibu."

Mustapha anaweramitsa mutu, nanena mawu a Chiarabu amene Asilamu amanena akamva za imfa.

"Poyamba paja sunamve?" anafunsa Che Sumani.

"Ndinamva, atate. Koma inalira kwa Kosita."

"Unaweramuka, unayang'ana, unaweramanso. Ndinakuona, ndi malaya ako ofiirawo. Dzanja limene unakweza pamsonkhano lija ndi liti? Ilo? Lero likagwire piki, ndipo lisatule mpaka lichite matuza."

Anatembenukira ena amene ankafika.

"Nonsenu! Munagulitsa maliro anu ndi mjigo! Mukanamwalira inu lero, akanakuikani ndi mjigowo? Musandipepese ine, sindikufuna. Kumanda!"

Azimayi analunjika kunyumba kukathandiza Halima. Wina anathamanga kukatenga shehe. Amuna anapita kumanda, ndipo piki yoyamba inalowa bwino m'dothi lonyowa, yachiwiri n'kulira pamwala. Ankalandirana osadikira kuti wina atope: Mustapha, Avelino atavula malaya a yunifolomu, ana a Alomwe a kuseri, ngakhale aphunzitsi, amene anamenya kangapo n'kulandidwa piki chifukwa ankangoikanda nthaka. Mwambo umati wofedwa akhale pansi anthu amupepese. Che Sumani anakana mkeka. Anaima m'mphepete mwa dzenje, bondo litatupa, akuyang'ana dzuwa, akuyang'ana dzenje, akukalipira aliyense woima kuti apukute thukuta.

Chapakati pa ntchitoyo kunafika dalaivala wa Mayi Cathy, wapansi, atanyamula mapiki awiri akale a pa esiteti, aja anali pakhoma ndi tizikwangwani tawo.

"Madamu akuti mugwiritse ntchito," anatero. "Akutinso pepani. Ndiye akuti za njanji ija, maliro akatha…"

"Ponya mapikiwo m'dzenje," anatero Che Sumani. "Zinazo ukawauze kuti sunandipeze."

Mwala waukulu wa pansi unang'ambika mithunzi itatalika. Anakumba kachipinda ka m'mbali kogonekamo mtembo, mtembo unafika pajeneza, pamapewa a anthu, shehe anatsogolera pemphero la swala mofulumirirapo. Che Sumani anatsika okha m'dzenje, bondo lomwelo, nalandira mkazi wawo, namugoneka moyang'ana kumene Asilamu amayang'ana. Potuluka anachita kuwakoka. Dothi lomaliza linagwa dzuwa likadali pamwamba pa phiri, ndipo m'pamene anakhala pansi, pamatope pomwepo.

Umu ndi mmene Rosalina anaithetsera, ndipo pothera pakepa ndi pamene ine ndikukayika. Nthaka ya m'mapiri amenewo ndikuidziwa, ndinakumbako chimbudzi chaka china posinthana ndi malo ogona, ndipo chikhatho changa chikukumbukirabe. Manda oyamba kukumbidwa dzuwa litapendeka satha tsiku lomwelo, ngakhale amuna achuluke chotani, chifukwa m'dzenje mumalowa awiri okha. Ine ndikuganiza kuti Abiti Shaibu anagona panja, anaikidwa m'mawa mwake, ndipo anthu a kumeneko anaikonza nkhaniyi chifukwa cha manyazi awo. Zina zonsezo ndikuzikhulupirira. Zoti anamuika tsiku lomwelo, ayi.